Perspex inandiliza, yesani kaye musanalipire

Achimwene, ngati mukufuna chigwiriro cha mpeni choonekera mkati koma cholimba, Perspex, pulasitiki yoonekera imene dzina lake lina ndi acrylic, muithawe. Ndikulemba pano mtima ukundiwawabe.

Chaka chatha ndinasula mpeni wa apongozi anga, amagulitsa nyama ya mbuzi. Chitsulo chinali cha sipuling'i ya galimoto, masabata atatu ndikuchipala ndi tupa ndikaweruka kuntchito. Ndinkafuna kuti chitsulocho chizionekera m'chigwiriro mpaka kumapeto. Ndinapita pashopu ina yolemba zikwangwani mu Limbe, mnyamata wa pamenepo kunditulutsira chidutswa cha mamilimita 10, pepala la pamwamba atamatula kale. Ndinamufunsa kawiri ngati ndi polycarbonate, pulasitiki ina yoonekera koma yosasweka msanga. Iye akuti "bwana iyi ngakhale muimenye ndi hamala siisweka." Ndinalipira mtengo wa polycarbonate osanenerera.

Ndinadula mbali ziwiri, kuboola mabowo atatu a mapini, kumata ndi guluu wa epoxy, kukwecha ndi sandipepa wam'madzi mpaka wosalala wa nambala 2000. Chinawala mbee ngati madzi a pachitsime. Usiku womaliza, apongozi akubwera m'mawa wake, ndinakhala pakhonde ndi tochi kuti ndiphwanye mitu ya mapini amkuwa. Yoyamba bwinobwino. Yachiwiri bwinobwino. Yachitatu ndinangogogoda pang'ono ndi kahamala kakang'ono, ndinangomva tswa! Mng'alu kuchoka pabowo mpaka kumapeto kwa chigwiriro. Manja akunjenjemera ndinatenga sipiliti kuti ndipukute ndione bwino, ndiye pamene ndinaononga zonse. Ndikuona ndi maso angawa timing'alu tating'ono tikutuluka mozungulira mabowo ena awiri aja ngati ukonde wa kangaude. Kani anandigulitsa acrylic, osati polycarbonate. Acrylic ikakhala yopanikizika, sipiliti imaing'alula. Epoxy inali itagwira kale, moti ndinachita kugumula ndi tchizulo, chitsulo chomwe n'kukandika. Apongozi anafika n'kupeza mpeni wopanda chigwiriro.

Nditabwerera kushopu kuja ndi zidutswa m'manja, mnyamata uja osachita n'komwe manyazi, akuti ndinaboola molakwika ndine. Abwana ake akuti katundu akatuluka sabwezedwa. Anthu amenewa pulasitiki iliyonse yoonekera amaitchula dzina limene wafunsalo, bola ndalama ilowe. Saganiza kuti munthu waikapo thukuta la masabata atatu.

Ndiye musanalipire, pemphani kachidutswa, mukapane pa vayisi n'kukapinda. Acrylic imathyoka ngati bisiketi, polycarbonate imangopindika. Polycarbonate ndi imene amapangira zishango za apolisi ndi magalasi otetezera maso, pa pepala lake pamatha kulembedwa Lexan kapena Makrolon. Imapiriranso kutentha, imayamba kufewa cha pa madigiri 147 pamene acrylic ndi cha pa 105. Vuto lake imakandika msanga, ndipo mukaikwecha kuti ibwerere kuwala kwake ndi ntchito yaikulu. Thina ndi acetone zisayandikire. Palinso epoxy yothira m'chikombole, ndi yabwino ngati mukufuna kuikamo timatabwa kapena mtundu, koma imasanduka yachikasu ikamakhala padzuwa, ndipo mukathira yochindikala nthawi imodzi imatentha n'kuchita thovu.

Komabe ndinene zoona, mipeni yanga imene anthu amaikonda pano ndi ya acrylic yomweyo, chifukwa palibe china chimawala ngati iyo. Ngati ndi mpeni wa kukhitchini, osati wa pabutchala, igulani, koma ikhale ya cast (yochita kuthira m'chikombole) osati extruded (yochita kukankha m'makina). Bowo likulepo pang'ono kuposa pini, boolani pang'onopang'ono mukuthira madzi, pansi mutaika thabwa. Mapini musawamenye ngakhale kamodzi, angolowa ndi epoxy kenako muwapale ndi tupa. Popukuta ndi madzi ndi sopo basi.