Jenereta imene simunaiyese ndi katundu wake wonse musaidalire

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amayang'anira anamwino pa chipatala china cha mishoni. Akuti agula jenereta yatsopano ya 100 kVA ndipo zozimitsira moto zapachikidwa m'makonde monse. Funso lawo ndi lakuti, kodi oyendera akabwera, zimenezi zakwana?

Mayi, oyenderawo mwina adzakhutira. Koma chimene chiyenera kukusowetsani tulo ndi ichi: magetsi a ESCOM akathima 2 koloko usiku, mayi wina ali ku fiyeta, makanda ali pa okosijeni ku nazale, papita masekondi angati magetsi asanabwerere? Muyezo wa ku America wotchedwa NFPA 110 umati pa malo amene moyo wa munthu ukudalira magetsi, asapitirire masekondi 10. Umatinso mwezi uliwonse jenereta iyende mphindi 30 itanyamula katundu (kutanthauza zida zamagetsi zimene ikuyendetsa) wosachepera 30 peresenti ya mphamvu yake. Yanuyo mphamvu yake ndi pafupifupi 80 kW, ndiye tikunena 24 kW kupita m'mwamba.

Chizolowezi chofala ndi choliza jenereta Lolemba m'mawa kwa mphindi zisanu, osailumikiza ku mawodi, kenako n'kulemba m'buku kuti ili bwino. Kumeneko n'kudzinamiza. Mwangoyesa batire ndi sitata basi. ATS, swichi imene imazindikira kuti ESCOM yathima n'kusamutsira chipatala ku jenereta, simunaikhudze. Komanso injini ya dizilo ikamayenda yopanda katundu siitentha mokwanira, dizilo sapsa yense, ndipo ku ekizozi kumayamba kudontha zamafuta zakuda. Mukuiwononga mukuganiza kuti mukuisamala. Kuyesa kwenikweni n'kuchenjeza a ku fiyeta ndi ku nazale, kugwetsa swichi yaikulu ya ESCOM masana, wina atagwira wotchi.

Zimene zimalepheretsa jenereta kawirikawiri si zazikulu ayi. Batire yakalamba, chifukwa ikadutsa zaka 2 kapena 3 siidalirikanso. Chaja yake wina anaizula kuti atchajire foni. Makaniko atamaliza sevisi anasiya swichi pa OFF m'malo mwa AUTO. Batani lofiira la emergency stop linakanikizidwa ndi wosesa. Madzi anadikha pansi pa thanki n'kutseka mafyuluta. Ndiye pali dizilo. Jenereta ya 100 kVA ikanyamula magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake imamwa malita pafupifupi 17 pa ola, kutanthauza migolo iwiri ya malita 200 pa maola 24. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka, ndipo majenereta ogulidwa kuti azithandiza mwa apo ndi apo anasanduka magetsi a tsiku ndi tsiku. Bajeti ya dizilo iwerengedwe ndi zimenezo m'mutu.

Apa ndinene mosapita m'mbali: nyumba za ogwira ntchito, magiza ndi mbaula za kukhitchini zisakhale pa jenereta ya chipatala, ngakhale nyumbayo ndi ya bwana wamkulu. Pakhale bolodi yakeyake ya fiyeta, matenite, nazale, labu, mafiriji a magazi ndi a katemera, pampu ya madzi ndi nyale za m'makonde. Ndipo ngakhale masekondi 10 ndi ambiri kwa khanda. Konsentireta, makina amagetsi opatsa wodwala okosijeni, ikazima okosijeni amaleka nthawi yomweyo, ndipo ikayakanso imatenga mphindi zingapo kuti mpweya ufike pa mlingo wake. Ikhale pa UPS, chida cha batire chopereka magetsi nthawi yomweyo akathima, ndipo pambali pakhale silinda ya okosijeni yodzaza, regulator (chowongolera mpweya wotuluka) yomangiratu ndi kiyi wake womangirira pa silindapo.

Moto

Nthawi ya mdima ndiyo nthawinso ya moto. Ndi pamene makandulo amatuluka, mawaya amakokedwa kuchoka wodi ina kupita ina, ndipo wina amathira dizilo mu jenereta yotentha. Okosijeni payekha sayaka, koma amachititsa bulangeti, matiresi ndi tsitsi kuyaka msanga kwambiri. Mu mpweya wamba ali 21 peresenti, ndipo akangodutsa 23.5 peresenti chipindacho chakhala choopsa. Kandulo, hita, Vaseline pamphuno ya wodwala wa pa okosijeni, kapena manja amafuta pa regulator, zonsezi n'zoletsedwa. Ku Baghdad mu Epulo 2021 silinda inaphulika pa chipatala cha Ibn al-Khatib ndipo anthu oposa 80 anafa. Ku Tivaouane, m'dziko la Senegal, mu Meyi 2022 makanda 11 anafera mu nazale pa moto umene akuluakulu a boma anati unayamba ndi shoti ya magetsi.

Pulagi yathu ya mano atatu imanyamula 13 A, pafupifupi 3,000 W. Ketulo ya 2,000 W ndi hita ya 2,000 W pa ekisitenshoni imodzi zadutsa kale, ndipo ekisitenshoni za pamsika zambiri waya wake ndi woonda kuposa zimene zalembedwapo. Soketi ikada kapena ikamafunda, isinthidwe tsiku lomwelo.

Zozimitsira motozo, kazioneni mtundu. Cha chizindikiro chakuda ndi CO2, cha pa zida zamagetsi, choyenera ku fiyeta ndi ku labu. Cha buluu ndi cha ufa, chabwino ku jenereta ndi ku migolo ya dizilo, koma mu wodi chimatsamwitsa odwala n'kuwononga makina. Cha madzi chisayandikire magetsi. Migolo ikhale m'chipinda china, ekizozi iloze kutali ndi mawindo a wodi, ndipo stolo ya makatoni ndi spiriti muziiona ngati malo oopsa: moto wa pa chipatala cha Charlotte Maxeke ku Johannesburg mu Epulo 2021 unayambira mosungira katundu, ndipo odwala pafupifupi 700 anasamutsidwa. Choipa koposa ndi khomo lothawira lokhomedwa ndi loko poopa akuba, kiyi ali ndi mlonda ku geti, mawindo onse ali ndi zitsulo. Ozimitsa moto a makhonsolo ali m'mizinda ngati Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Kwa inu akumudzi, mphindi zoyambirira ndi za anamwino a usiku ndi magadiyani.

Tsono za oyendera, Mayi. Aonetseni buku la jenereta lolembamo tsiku, masekondi, katundu ndi malita, satifiketi ya mawaya yochokera kwa wamagetsi wa laisensi ya MERA, zikwangwani za sevisi ya chaka ndi chaka pa zozimitsira moto, ndi mayina a amene anachita nawo maphunziro otulutsa odwala. Maphunzirowo muchiteko kamodzi usiku, ndi antchito ochepa amene amakhalapo nthawi imeneyo, ndipo muyese ngati bedi likudutsadi pa khomo lothawira.