N'chifukwa chiyani Barry Sanders anasiya mpira wa ku America akadali pachimake?

Mmodzi wa inu owerenga wanditumizira imelo ndi funso ili: "Ndakhala ndikuonera tizidutswa ta masewero a Barry Sanders pa YouTube, ndipo ndamva kuti anasiya mpira atatsala pang'ono kuphwanya rekodi yaikulu ya NFL. Kodi anavulala, kapena anakangana ndi timu pa nkhani ya ndalama?"

Achimwene, sanavulale ayi. Nkhani ya ndalama inalipo, koma inabuka iye atachoka kale.

Tiyambe ndi ntchito yake, popeza ambiri sitinakulire m'masewero amenewa. Sanders ankasewera ngati running back mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America. Running back amaima kumbuyo kwa quarterback, wosewera amene amagawa mpira, n'kulandira mpira m'manja, n'kuthamanga nawo kudutsa pakati pa zimphona zofuna kumugwetsa. Timu imapatsidwa mipata inayi kuti ipite patsogolo mayadi 10, ndipo yadi imodzi imapereweza pang'ono mita. Ndi ntchito yodya thupi, moti ambiri akamafika zaka 30 amakhala atatha.

Sanders anabadwira ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, mu 1968. Ndi wamfupi, pafupifupi masentimita 173, ndipo ku yunivesite ya Oklahoma State anayamba ngati wodikirira pabenchi kumbuyo kwa Thurman Thomas. Thomas atachoka, mu 1988 Sanders anathamanga mayadi 2,628 n'kutenga mphoto ya Heisman, imene imaperekedwa kwa katswiri woposa onse mu mpira wa m'mayunivesite. Chaka chotsatira, matimu a NFL akusankha osewera atsopano, Detroit Lions inamusankha pa nambala 3. Anasewera masizoni 10, ndipo mu sizoni iliyonse anapyola mayadi 1,000. Mu 1997 anafika 2,053 n'kugawana ulemu wa MVP, wosewera woposa onse mu ligi, ndi Brett Favre.

Mwaona nokha m'mene ankathamangira. Amaima mwadzidzidzi, n'kubwerera m'mbuyo, n'kukhotera kwina, omuthamangitsa n'kumagundana okhaokha. Kathamangidwe kameneka kanali ndi mtengo wake, chifukwa kawirikawiri ankagwetsedwa asanafike n'komwe pamene mpira unayambira. Pa masewero a chipulula ku Green Bay mu Disembala 1994 anatenga mpira ka 13, koma powonkhetsa anapezeka kuti wataya yadi imodzi. Tizidutswa ta pa YouTube sitionetsa zimenezi.

Tsopano pa funso lanu. Mu Julayi 1999, timu ikukonzekera kulowa mu kampu, Sanders anatumiza uthenga pa fakisi ku nyuzipepala ya kwawo, Wichita Eagle, kuti wasiya mpira, kenako n'kukwera ndege ulendo wa ku London. Anali ndi zaka 31 ndi mayadi 15,269. Rekodi ya mayadi ochuluka kwambiri amene wosewera anathamanga ndi mpira pa ntchito yake yonse inali ya Walter Payton, 16,726, ndiye anatsala ndi 1,457, pamene sizoni yake yomaliza anathamanga oposa amenewo. Mu uthengawo ananena kuti mtima wofuna kuchoka unali utaposa mtima wofuna kupitiriza.

Ineyo ndimamukhulupirira, ndipo umboni wanga uli mu sizoni yake yoyamba. Pa masewero omaliza a 1989 anatsala ndi mayadi 10 okha kuti amupeze Christian Okoye wa Kansas City Chiefs, mwana wa ku Enugu ku Nigeria, yemwe ankatsogolera ligi ndi 1,480. Nthawi inalipo, ndipo anamupatsa mwayi wobwerera m'bwalo kuti akatenge ulemuwo. Sanders anakana, chifukwa masewero anali atapambana kale. Ndi munthu yemweyu amene akagoletsa touchdown, kutanthauza kufika ndi mpira kumapeto kwa bwalo, sankavina, ankangopereka mpira kwa oyimbira n'kubwerera kubenchi. Munthu wotere simungamukope ndi rekodi.

Chimene chinamudya mtima ndi kugonja. Pa zaka zonse 10, Lions inapambana masewero a chipulula amodzi okha, pomwe inathibula Dallas Cowboys 38-6 mu Januwale 1992, kenako Washington n'kuikwapula 41-10 sabata yotsatira. Anzake amene ankamutsegulira njira kutsogolo anachoka mmodzimmodzi: Lomas Brown anapita ku Arizona, Kevin Glover ku Seattle. Running back wopanda omutchinga amangolandira zibakera. Mu 1998 timu inapambana masewero 5 n'kugonja 11. Patapita zaka iye mwini anavomera kuti anali atataya chikhulupiriro choti akuluakulu a timuyi adzamanga gulu lotenga chikho.

Apa sindimuikira kumbuyo pa zonse. Kusiya ntchito pa fakisi kampu itayandikira, osakhala pansi ndi kochi Bobby Ross kapena anzake, kunasiya timu pa moto, ndipo ochemerera a ku Detroit anali ndi chifukwa chokwiyira. M'pamene ndalama zinalowerapo. Mu 1997 anali atasainira mgwirizano wa zaka 6, ndiye Lions inafuna kuti abweze gawo la ndalama zimene analandira posainira, ndipo woweruza mkanganowo anagamula mokomera timu. Ubale wawo unazizira kwa nthawi yaitali.

Rekodi ya Payton inadzaphwanyidwa ndi Emmitt Smith wa Dallas mu 2002, yemwe anathera pa 18,355 atasewera masizoni 15. Sanders analowa mu Hall of Fame, gulu la akatswiri opatsidwa ulemu wapadera, mu 2004, ndipo iye ndi Lions anadzagwirizananso, moti mu 2023 anamuimikira chipilala kunja kwa bwalo la timuyi la Ford Field. Timuyo inadikira mpaka Januwale 2024 kuti ipambanenso masewero a chipulula, zaka 32 chichitikire zija za Dallas.