Surfboard yamatabwa, ndi nkhani ya matabwa a kuseri kwa nkhokwe

Halo... eya, ikujambula. Msuweni, ndaliona funso lako pagulupu, loti surfboard yamatabwa yamphako ija, bodi yokwerera mafunde, amapangira mtengo wanji. Paulownia. Basi, yankho ndi lomwelo. Mtengo wa ku China, wopepuka, kulemera kwake sikufika ndi theka la mlombwa. Koma iwe ndimakudziwa, funso lako limakhala ndi mchira. Dikira.

Choyamba umve mmene chimakhalira mkatimo, chifukwa anthu amaganiza kuti amagoba ngati mtondo. Ayi. Chili ngati chambo chodyedwa kale: msana umodzi pakati, nthiti m'mbalimu. Msana umadula pa marine plywood, plywood yopirira madzi ija, ya mamilimita 6, nthiti pa ya 4, motalikirana masentimita 15, penanso 20. Msana umaucheka kampata kufika pakati, nthitinso chimodzimodzi, n'kulowetsana. Nthiti iliyonse uiboole mabowo, osati kuti ipepuke kokha, koma kuti mpweya uziyenda kuchoka kumutu kukafika kumchira.

Kenako khungu lapansi: timatabwa ta mamilimita 6, tomatizana m'mbali. Eee, ayi ndalumpha, pepa. Usanamate chilichonse, konza kaye tebulo lokhala ndi timipiringidzo totsata kupindika kwa bodiyo, mutu wokwera kwambiri, mchira pang'ono. Ukamatira pathebulo wamba imapotoka, ndipo ikapotoka palibe mankhwala, m'madzi izingokokera mbali imodzi. Guluu woyera wa mipando uja usayerekeze, amasungunuka. Gwiritsa ntchito guluu wopirira madzi, epoxy kapena polyurethane.

Zandikumbutsa amalume a ku Chipoka, bambo ako aang'ono aja, ndi bwato lawo. Hehe, anthu pagulupu aseka kale. Aja anakana mtengo umene anawalozera asodzi, ati ine ndikufuna wolimba woti adzakwere ndi adzukulu. Anasema miyezi itatu, sompho tsiku ndi tsiku, nsima kudyera pomwepo. Tsiku lokalitsitsa kunyanja anaitana anyamata anayi, analephera. Anaitana ena anayi, kuwalonjeza thobwa la azakhali, azakhaliwo asakudziwa. Litalowa m'madzi linakhala pansi ngati mvuu, mlomo wokha kuoneka, moti kafunde kakang'ono ka mwera kamangolowa mkati osaodira. Iwo ati lizolowera. Bwato kuzolowera! Ndiye analikokera pamchenga mwezi wa Okutobala, dzuwa lija, osaphimba ndi makuti omwe, linang'aluka kuchoka kumutu mpaka pakati. Anakhoma malata a zitini za mafuta, kusungunulira zigubu zakutha pamwamba, utsi mudzi wonse kutsokomola. Mapeto ake mukudziwa nonse, mbuzi za amayi zamwera mmenemo zaka zingati? Ndipo mpaka lero ukawafunsa amati vuto linali nkhafi.

Chabwino, ndinali pati... eya, mkati. Usanatseke pamwamba, mata tizidutswa ta thabwa lathunthu pomwe padzakhale chipsepse chapansi kumchira, chowongolera bodi, ndi pomangira chingwe chakumwendo. Ukaiwala, udzaboola n'kupeza mphako yokhayokha, chipsepse n'kuthyoka tsiku loyamba. M'mbalimu umamanga ndi timizere ta mamilimita 6 mbali zonse, kamodzikamodzi, makilampu ambirimbiri, ena amadula paipi ya PVC timphete n'kumapanira. Mkati monse upake epoxy, kenako khungu lapamwamba, kupala, sandipepa.

Kunja umayala nsalu ya fibreglass yopyapyala, imene amati ya 4 ounce, n'kuipaka epoxy. Apa ndi pomwe ambiri amalira. Upake chakumadzulo, kutentha kukamatsika. Ukapaka m'mawa dzuwa likukwera, thabwa limatulutsa mpweya, epoxy n'kudzaza tithovu, ndipo kathovu kalikonse ndi khomo la madzi. Muyeso wa epoxy utsate wolembedwa pachitini, ukawonjezera chowumitsira poganiza kuti iuma msanga, imangokhala nyatanyata. Ndiye bodiyo ikhale ndi kabowo kopumira, kotsekera ndi sikuluwu. Kumanga polowa m'madzi, kumasula ukatuluka. Ukaisiya padzuwa kali kotseka, mpweya umafufuma, khungu limachoka ku nthiti, umangomva phu.

Tsopano mchira wa funso lako uja. Iwe ukufuna matabwa a mlombwa amene agogo anasiya kuseri kwa nkhokwe. Usakane, unawayeza ndi tepi tsiku la sadaka, anakuona. Asiye. Nzeru yonse ya chinthuchi ndi kupepuka. Tom Blake amene anayambitsa, wa ku America, anayamba ndi kuboola mabowo mazanamazana m'bodi yathunthu kuti ipepuke, mpaka patent yake ya bodi yamphako, chiphaso cha umwini wa nzeruyo, inatuluka mu 1932. Ndiye iwe ubwerere m'mbuyo? Mlombwa ndi wa zitseko. Ukapangira bodi ya mafiti 7, udzafuna anyamata a amalume aja.

Paulownia kumeneko sungaupeze wambawamba, ndikudziwa. Funa malayina ouma bwino, opanda mfundo, uwachekese apyapyala, mamilimita 5. Mkungudza wa ku Mulanje usaganizeko n'komwe, watsala pang'ono kutha ndipo ndi woletsedwa. Mlombwa ukaufunitsitsa, kamzere kamodzi kokongoletsa pakati, kuchoka pa zodulidwa za kwa kalipentala, osati pa a agogo.

Chinanso, nyanja yathu mafunde ake ndi a mphepo, afupiafupi, si ngati a kuno ku Muizenberg, ku Cape Town. Kumeneko panga yaitali, mafiti 10 kapena 11, yotambalala, yoimirirapo ndi nkhafi. Yaikulu choncho ndiye kulemera kwa mtengo kumamveka kwambiri.

Wamva, msuweni? Matabwa a agogo asakhudzidwe. Ndipo azakhali ngati mukumvera, kiyi wa kuseriko musamupatse ameneyu. Unditumizire kulemera kwako ndi kutalika, ndikuwerengere nthiti.