Chakudya cha Osauka ndi Odwala M'midzi ya ku England

Mwafunsa ngati osauka ndi odwala a m'midzi ya ku England ankalandira chakudya mu ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901. Ankalandira ndithu, koma movutikira. Lamulo la 1834 linkafuna kuti munthu wamphamvu wosowa chakudya akakhale m'nyumba ya osauka yogwiriramo ntchito, momwe mwamuna ankalekanitsidwa ndi mkazi wake, ndipo ambiri ankalolera kugona ndi njala m'malo mopita kumeneko. Odwala ndi okalamba kawirikawiri ankathandizidwa ali kwawo, powapatsa buledi kapena ndalama zochepa. Akazi a abusa ndi a eni minda ankawapititsiranso msuzi wa nyama, mabulangete ndi malasha m'nyengo yozizira, ngakhale kuti, kunena zoona, ankakondera mabanja opita kutchalitchi ndi osaledzera.