Makalata a malemu bambo: kodi mapu ake amapangidwa bwanji?

Mayi ena a ku Chilenje mu Lusaka andilembera imelo sabata yatha. Akuti mwana wawo, yemwe akuphunzira pa yunivesite ya Zambia (UNZA), anawaonetsa pa intaneti mapu a makalata a Voltaire, wolemba mabuku wakale wa ku France, mizere yosonyeza komwe makalatawo ankapita itachoka ku France n'kumwazikana Ulaya yense. Tsono iwo ali ndi sutikesi yodzaza makalata a malemu bambo awo, omwe anali mphunzitsi ku Katete. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ndikawajambula ndi foni, mapu otere atuluka okha?"

Ayi amayi, satuluka okha. Kujambulako n'kofunika, koma ndi ntchito yaing'ono. Mapu amene munaonawo anapangidwa pa yunivesite ya Stanford, mu pulojekiti ya Mapping the Republic of Letters, ndipo gwero lake si zithunzi. Ndi ndandanda imene anthu anakhalira pansi n'kulemba, kalata iliyonse pamzere wake: analemba ndani, kulembera yani, ali kuti, tsiku liti.

Ndimakonda kupereka chitsanzo cha Leibniz, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, yemwe anamwalira mu 1716. Laibulale ya ku Hannover ikusunga makalata ake pafupifupi 15,000, omwe ankalemberana ndi anthu pafupifupi 1,100, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wake wa Memory of the World mu 2007. Olemba ndandanda ya makalata otere amatuluka thukuta ndi madeti. Madera achipulotesitanti a ku Germany anasintha kalendala mu 1700, England mu 1752, kotero yankho likhoza kuoneka ngati linalembedwa funso lisanafike. Ndiye pali kalata ya Joachim Bouvet, wansembe wa Chijezuiti yemwe anali ku Beijing. Anailemba mu November 1701, koma inafika m'manja mwa Leibniz mu April 1703. Pamapu ndi kamzere kamodzi basi, miyezi 17 ya ulendo osaoneka n'komwe. N'chifukwa chake ndikupemphani kuti envulopu musataye ngakhale imodzi. Chidindo cha positi chimanena zomwe kalatayo yasiya.

Inu vuto lanu lalikulu likhala mayina a malo. Mupeza Fort Jameson, Broken Hill, Salisbury. Lembani dzinalo mmene lilili pakalata, kenako m'danga lina muikemo la lero: Chipata, Kabwe, Harare. Mukapanda kutero, kompyuta isochera. Kalata yopanda deti muisiye choncho, zongoganizira muzilembe padera.

Zinazo n'zapafupi. Jambulani masana pafupi ndi zenera, opanda fulashi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kalata iliyonse muipatse nambala, ndipo chithunzi chake chitenge nambala yomweyo. Selotepi ndi lamineshoni ayi ndithu, zimawononga pepala. Ndandanda ikatha mu Excel, mwana wanuyo aonjezere manambala osonyeza pomwe malowo ali, kenako ayiike mu Palladio, pulogalamu yaulere ya ku Stanford komweko, mizere ija ituluka.

Koma pali china chomwe chimandikhudza kwambiri. Leibniz ankasunga zoyamba kulemba za makalata ake, ndiye mbali zonse ziwiri zilipo. M'sutikesi mwanumo muli mawu a anthu amene ankalembera bambo anu. Mawu a bambowo ali m'masutikesi a eni, mwina ku Kitwe, mwina ku Mchinji, mwina anadyedwa ndi chiswe kalekale. Mapu anu adzaonetsa okhawo amene makalata awo anapulumuka, ndipo mnzawo wapamtima wa m'mudzi momwemo sadzaonekapo chifukwa ankangokumana pakhonde.

Choncho ndandanda ikayamba kukula, itengeni kwa achibale achikulire akadali moyo, muziwawerengera mayinawo limodzi ndi limodzi. Ngati muli mayina a masukulu kapena akuluakulu a boma a nthawiyo, kafunseninso ku National Archives of Zambia ku Ridgeway mu Lusaka. Mukafika pa makalata 50 oyamba, munditumizire ndandandayo tiione limodzi.