Funsani a Malume: Kodi n'zoona kuti ku Samoa aphungu onse ndi mafumu?

A Malume, ndine mlimi wa chimanga ndi soya kuno ku Kasenengwa. Mwana wanga wa giredi 11 wandiuza kuti kuli kadziko ka pachilumba kotchedwa Samoa komwe munthu sangakhale phungu wa nyumba ya malamulo ngati si mfumu. Nkhaniyi yandigwira mtima. Kuno phungu timamuona nthawi ya kampeni basi, akapambana ndiye wapita ku Lusaka, pomwe amfumu tili nawo pamaliro, pamilandu ndi pa Nc'wala. Kodi mwanayu akunena zoona? Ngati zili choncho, bwanji ifenso osangotumiza mafumu athu ku nyumba yathu ya malamulo ku Manda Hill?
A Tembo, Kasenengwa

A Tembo, mwana wanu sananame. Ine ndidaphunzitsa Civics zaka zambiri ndisanapume pantchito, ndipo mtima umakhala m'malo ndikamva kuti mwana wabweretsa nkhani ya kusukulu pa mkeka wa chakudya. Koma pali mawu amodzi amene angatisocheretse tonse awiri, mawu akuti "mfumu".

Samoa ili pakati pa nyanja ya Pacific, kumpoto chakum'mawa kwa New Zealand. Zilumba zake zikuluzikulu ndi ziwiri: Upolu, pomwe pali likulu lawo Apia, ndi Savai'i. Anthu ake angopitirira pang'ono 200,000, moti boma la Chipata lokha lili ndi anthu ambiri kuposa dziko lonselo. Adalamulidwa ndi Germany kuyambira 1900, kenako New Zealand kuyambira 1914, ndipo adalandira ufulu pa 1 Januwale 1962, pafupifupi zaka zitatu ife tisanalandire wathu.

Mfumu ya kumeneko amaitcha matai. Inu mukamva za mfumu, maganizo amathamangira kwa Nkosi yamaNkosi Mpezeni, kwa Kalonga Gawa Undi, kapena kwa a Madzimawe kwanuko. Matai wamba sali pamenepo ayi. Iye ndi mwini mbumba, mutu wa banja lalikulu limene iwo amati aiga. Banja lililonse lili ndi dzina laufumu, ena angapo, ndipo dzinalo limayendera limodzi ndi minda ya banjalo. Mwini dzina akamwalira, abale onse amasonkhana, ena kuchokera ku Auckland kapena ku Sydney, n'kukambirana mpaka atamvana za woti alowe. Zimatha miyezi, nthawi zina zaka. Mwana woyamba sangodzuka n'kunena kuti mpandowu ndi wanga. Chimene amayang'ana kwambiri ndi tautua, ndiye kuti mmene munthuyo watumikirira banja. Akalephera kumvana, nkhani imapita ku khoti lapadera loona za malo ndi mayina aufumu, Land and Titles Court.

Ndikawerenga zimenezi ndimakumbukira kwathu kufupi ndi Katete, atsibweni anga atamwalira. Ntchembere za mbumba zidakhala m'nyumba masiku atatu. Aliyense panja ankati dzina lipita kwa mwana wamkulu wa mlongo wawo, amene ankagwira ntchito ku migodi. Amayi aja atatuluka adagwira dzanja la mng'ono wake, yemwe adawanyamula atsibweniwo panjinga kupita nawo kuchipatala nthawi yonse ya matenda. Wamkuluyo anali atadumpha maliro anayi a pamudzi. Munthu wa ku Samoa akadakhalapo tsiku limenelo sakadafuna womumasulira.

Chifukwa cha ichi, matai alipo masauzande ambiri m'dziko laling'onolo. Mphunzitsi, dokotala, woyendetsa basi, aliyense wa iwo atha kukhala matai. Ali mitundu iwiri: ali'i, amene ndi eni mpando, ndi tulafale, olankhula, ofanana ndi nduna imene imaimirira pabwalo kuyankhula m'malo mwa amfumu. Ndiye lamulo lakuti phungu akhale matai tikati tilibweretse kuno, likufanana ndi kunena kuti ofuna kuima pa chisankho akhale munthu amene abale ake enieni adamuvomereza kale kuti awatsogolere. Silikunena kuti a Mpezeni anyamule chikwama kupita ku Lusaka.

Boma lawo limayenda chonchi. Nyumba ya malamulo amaitcha Fono, ndipo chisankho chimachitika zaka zisanu zilizonse. Pulezidenti wovoteredwa ndi anthu onse ngati wathu alibe. Amene amayendetsa boma ndi nduna yaikulu, yochokera ku mbali imene ili ndi aphungu ambiri. Pamwamba pali mutu wa dziko, O le Ao o le Malo, amene ntchito yake yaikulu ndi yaulemu: kusainira malamulo ndi kulumbiritsa atsogoleri. Mu 1962 mpandowu adaupereka kwa mafumu aakulu awiri pamodzi kwa moyo wawo wonse. Tupua Tamasese Mea'ole adamwalira mu 1963, ndipo Malietoa Tanumafili II adapitiriza yekha mpaka 2007. Kuyambira pamenepo aphungu ndi amene amasankha mutu wa dziko, kwa zaka zisanu.

Tsopano mverani chimene chidachitika pamene mphamvu zonse zidali m'manja mwa mafumu okha. Kuyambira 1962 mpaka 1990, kupatula kagulu kochepa ka nzika zochokera ku mitundu yakunja, matai okha ndi amene ankavota. Andale adaona msanga pamene pali khomo. Mayina aufumu adayamba kugawidwa ngati mbewu, dzina limodzi kupatsidwa kwa anthu ambiri, kuti mavoti achuluke. Anthu adawapatsa dzina mafumu oterewa: matai palota, mafumu a voti. Ufumu umene ankafuna kuulemekeza udayamba kupepuka. Mu 1990 adachita referendamu, ndipo pa chisankho cha 1991 aliyense wa zaka 21 kupita m'tsogolo adavota koyamba. Chidatsala ndi chakuti woima ayenera kukhala matai. A Tembo, inu mukudziwa mmene midzi imaswanirana kwathu kuno pakangomveka kuti thandizo lizidzera mwa amfumu a mudzi. Talingalirani zikadakhala kuti mpando wa uphungu ukudzeranso momwemo.

Ufumu sudaletsenso mikangano ya zipani. Chipani cha HRPP chidagwira boma pafupifupi zaka 40, ndipo Tuilaepa Sailele Malielegaoi adakhala nduna yaikulu kuyambira 1998 mpaka 2021. Pa chisankho cha Epulo 2021, HRPP ndi chipani chatsopano cha FAST zidapeza mipando 25 chilichonse mwa mipando 51, ndipo phungu mmodzi woima payekha adapita ku FAST. Kukokanakokana kudayamba, milandu ili m'makhoti. Pa 24 Meyi mtsogoleri wa FAST, mayi Fiame Naomi Mata'afa, adapeza zitseko za nyumba ya malamulo zili zokhoma, ndipo adalumbira m'tenti panja. Padatenga miyezi iwiri, mpaka khoti la apilo lidagamula pa 23 Julaye kuti kulumbira kuja kudali kovomerezeka. Onse okanganawo anali matai. Amene adathetsa nkhani ndi majaji.

Pali zina zimene zimandilemera mumtima. Bwalo la matai la m'mudzi lili ndi mphamvu zolipiritsa, zimene lamulo la Village Fono Act la 1990 lidazivomereza, ndipo mabwalo ena athamangitsapo anthu m'mudzi chifukwa chosemphana ndi zimene mudzi udagwirizana pa ndale kapena pa chipembedzo. Amayi nawo njira yawo ndi yopapatiza, poti matai ambiri ndi amuna ndipo midzi ina siilola mkazi kutenga dzina. Mu 2013 adachita kuika lamulo loti amayi asachepere 10 peresenti m'nyumba ya malamulo. Mayi Fiame, amene adalowa uphungu mu 1985, ndi mwana wa nduna yaikulu yoyamba ya dzikolo, ndipo si mtsikana aliyense wa kumudzi amene ali ndi msana wotere.

Kwathu ku Zambia malamulo adasankha njira ina. Malamulo aakulu a dziko monga adakonzedwera mu 2016, pa ndime 168, amati mfumu yofuna udindo m'chipani kapena kuima pa chisankho cha uphungu iyambe yatula pansi ufumu. Mafumu ali ndi nyumba yawoyawo, House of Chiefs, ya mamembala 50, asanu kuchokera m'chigawo chilichonse, ndipo ali ndi malo m'makhonsolo a maboma. Ine ndimagwirizana nalo lamuloli ndi mtima wonse. Amfumu akaima pansi pa chizindikiro cha chipani, anthu awo ena adzawavotera, ena adzawakana. M'mawa mwake awiri akangana za malire a munda, wina adavala chitenje cha chipani cha amfumu, wina cha otsutsa. Woluzayo adzakhulupirira bwanji kuti waluza chifukwa cha umboni? Pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi wa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, anthu a zipani zonse amagwada pa bwalo limodzi. Sindikufuna kudzaona tsiku limene wina akukana kupita ku Kulamba chifukwa sadavotere mwini mwambo.

Komabe dandaulo lanu ndi lenileni, ndipo pali zinthu ziwiri za ku Samoa zimene ndimasirira. Choyamba chikukhudza phungu wanu wosaonekayo. Lamulo lawo la zisankho limafuna kuti woima aonetse kuti watumikira mudzi wa m'dera limene akuimira kwa zaka zitatu chisankho chisanafike. Utumikiwu amautcha monotaga: kupereka pa zochitika za mudzi ndi kusenza nawo ntchito zake. Makhoti achotsapo anthu pa mndandanda chifukwa chosakwaniritsa ichi. Munthu wongotulukira mwezi wa kampeni ndi magalimoto ndi masikipa sangadutse.

Chachiwiri, chimene chili chachikulu kwa ine, ndi malo. Pafupifupi magawo 80 mwa 100 a nthaka ya Samoa ndi ya makolo, ndipo malamulo aakulu a dziko amaletsa kuigulitsa. Itha kubwereketsedwa pa lizi, koma imakhalabe ya banja. Matai ndi msungi chabe, ndipo akaononga, abale atha kumutengera ku khoti lija kuti amuchotse dzina. Kuno lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a makolo asinthidwe kukhala a taitolo ngati amfumu ndi khonsolo avomereza, ndipo akasintha, kubwerera n'kovuta zedi. Msuweni wanga wina adapita ku dimba lake m'mawa wina n'kupeza mabikoni a simenti atazikidwa pakati pa mpiru ndi tomato. Agogo athu adalima dimba limenelo. Palibe adamufunsa, ndipo pepala lililonse losonyeza kuti malowo ndi ake analibe. Adayenda zaka ziwiri, n'kubwezeredwa theka.

Ndiye musanaganize zotumiza amfumu ku Manda Hill, yambani ndi munda wanu wa soyawo. Pitani kwa amfumu a mudzi ndi abale anu awiri kapena atatu, muyende m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo, ndipo mupemphe kuti dzina lanu ndi la amayi a kunyumba alembedwe m'buku la mudzi ndi kuti mupatsidwe kalata yodindidwa kuchokera kwa amfumu aakulu. Mwana wanu wa giredi 11 uja mumutenge, akhale ndi kope ndi cholembera, ajambule malirewo ndi kulemba mayina a mboni zonse.