Vinyo wa biodynamic wangotuluka kumeneyu, ndigule kapena?

Mayi wina wandilembera imelo kuti waona vinyo wofiira wa ku Bordeaux, dera la ku France, akumutsatsa kuti ndi watsopano koma pabotolo palembedwa 2022, ndiye akufunsa kuti watsopano bwanji chaka chili chakale chonchi, nanga mawu akuti biodynamic aja si ongokwezera mtengo?

Mayi, chaka chapabotolocho ndi chomwe mphesa zinathyoledwa. Vinyo wapamwamba amayamba wagona mmigolo yamatabwa chaka ndi theka kapena kuposa, ndiye pofika pamsika zaka zapitapo kale.

Biodynamic ndi njira yolimira mwachilengedwe yomwe inayamba ndi woganiza mwakuya wa ku Austria, Rudolf Steiner, mu 1924. Alimi ake sathira fetereza wa mfakitale, amatenga ndowe kuyika mu nyanga ya ng'ombe nkuikwirira nyengo yonse yozizira, akafukula imakhala yakuda yonunkhira ngati dothi, amaitakasa mmadzi kwa ola lathunthu nkupopera mmunda, imeneyo amaitcha 500. Ena amayang'ananso mwezi podulira mipesa. Kunena zoona za mwezizo ine sizindigwira mtima, chimene ndimawalemekezera anthu amenewa nchakuti amakhala mmunda tsiku ndi tsiku chifukwa alibe pothawira. Matenda a mildew, omwe ali ngati nkhungu yogwira masamba ndi mphesa, akabwera ndi mvula, chida chawo chachikulu ndi mankhwala a kopa ndi salufa, omwe amangokhala pamwamba pa tsamba, mvula ikatsuka abwerezenso.

Ndiye chaka nchofunika kwambiri kwa iwowa. Mu 2018 Château Palmer, munda wa biodynamic ku Margaux m'dera la Bordeaux, inangopeza mahekitolita 11 (malita 1,100) a vinyo pa hekitala chifukwa cha mildew, Pontet-Canet, munda wina wotere ku Pauillac komweko ku Bordeaux, nayo inaluza zambiri chaka chomwecho. Mabotolo akachepa chonchi mtengo sungatsike ayi. Pomwe 2022 ku Bordeaux kunali dzuwa ndi chilala, matendawo sanavute, mphesa zinatuluka zazing'ono zamakungu okhuthala, vinyo wake ndi wakuda bii komanso wamphamvu.

Musanalipire tembenuzani botolo muone chizindikiro cha Demeter kapena Biodyvin, amenewa ndi mabungwe otsimikizira kuti munda ndi wa biodynamic, poti pakamwa pokha aliyense atha kunena kuti amalima mwachilengedwe. Ndipo chonde mukagula musathamangire kutsegula, akadali mwana amakhala wowuma mkamwa ngati mwamwa tiyi wopyola muyezo. Mugonekeni chammbali pamalo ozizira amdima kuti chotsekera chisaume, zaka zisanu zipite kaye, ngati mwagula awiri mpamene mungalawe mmodzi pano.